Smith & Wesson ndi Colt: zaka zokoma ndi zaka zodandaulitsa

Osonkhanitsa mfuti za revolver (mfuti zam'manja zokhala ndi silinda yozungulira yoikamo zipolopolo) ku America sakangana kwambiri za nthawi imene zinkapangidwa bwino. Mkangano umabuka akafunsana kuti zinthu zinayamba kusokonekera liti.

Kwa Smith & Wesson, kampani yopanga mfuti ya ku Springfield, ambiri amaloza zaka zoyambira 1935, pamene inatuluka mfuti yake yotchedwa Registered Magnum, mpaka cha m'ma 1955. Nthawi imeneyo mmisiri ankapala kachitsulo kalikonse ndi tupa mpaka kakhale pamalo pake. Ena amakankhira malire mpaka 1982, chaka chimene kampaniyi inasiya kukhoma kapini kogwira mpope wa mfuti. Munthu wodziwa akatola mfuti ya Smith pa tebulo la wogulitsa, maso amathamangira pa kapini kameneko asanafunse n'komwe mtengo.

Kampani ya Colt ya ku Hartford imanyadira mfuti yake ya Python, yomwe inayamba mu 1955. Chitsulo chake ankachipukuta mpaka kuwala ngati galasi asanachidetse ndi mtundu wotchedwa Royal Blue. Pa kukongola, apa Smith & Wesson imagonja. Koma zitsulo zam'kati mwa Python yakale n'zosachedwa kusokonekera: ikawombedwa kwambiri, silinda imayamba kuima mosalunjika bwino ndi mpope, ndipo amisiri odziwa kuikonza atsala owerengeka. Ya Smith yakale simavuta choncho.

Nanga zaka zoipa? Kwa Colt amatchula 1986 mpaka 1990, pamene antchito ake ananyanyala ntchito kwa zaka zinayi, fakitale n'kumayenda ndi anthu ongolowa m'malo. Osonkhanitsa amati kapukutidwe ndi kalumikizidwe ka zina mwa mfuti za zaka zimenezo n'kokayikitsa. Mu 1992 kampaniyo inakalembetsa kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole.

Kwa Smith & Wesson, chokwiyitsa chachikulu ndi kabowo ka loko komwe kanayamba kuoneka chakumanzere kwa mfuti mu 2001, kampani itagulidwa ndi Saf-T-Hammer, kampani yopanga maloko a mfuti. Ena safuna n'kuigwira komwe mfuti ya kabowo. Kwa ine madandaulo awiriwa sali ofanana. La Colt ndi la ntchito yogwiridwa mosasamala, pomwe la Smith ndi la maso ndi mtima kwambiri, chifukwa mfuti zambiri za kabowozo zimawomba molunjika bwinobwino.

Wofuna yosunga m'kabati asake Python ya m'ma 1960. Wofuna yopita nayo kubwalo lowomberako sabata iliyonse atenge Smith, ngakhale ya kabowo.