Bafang BBS02B ya 750W: mota yosandutsa njinga yakapalasa kukhala yamagetsi

Mwa mamota amene munthu angagule n'kudzimangira yekha pa njinga yakapalasa, Bafang BBS02B ndi imodzi mwa zotchuka kwambiri, ndipo kutchukako n'koyenera. Imapangidwa ku Suzhou m'dziko la China, imalemera makilogalamu 4 ndi pang'ono, ndipo siikhala m'kati mwa gudumu ngati mamota otchipa aja. Imalowa pansi pa felemu, pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo, n'kumakoka tcheni yomweyo imene miyendo yanu imakoka. Ndiye kuti mota nayonso imapindula ndi magiya a njinga. Mukaika giya yopepuka, imakwera mtunda wautali ngati wa ku Zomba wopita ku Ku Chawe ili yofunda chabe, pamene mota ya m'gudumu pa mtunda wotere imazungulira pang'onopang'ono n'kumatentha.

Musanaitanitse, yezani njinga. Chibowo cha pa felemu chodutsamo ekiselo ya mapedulo (bottom bracket) chiyenera kukhala cha mazinga, chotalika mamilimita 68 mpaka 73, ndipo m'kati mwake mukhale mosalala. Nthawi zambiri chimene chimatchinga ndi kabawuti kogwira kapulasitiki kodutsamo mawaya a magiya pansi pa felemu: kamatulukira m'kati, mota n'kukana kulowa. Kafupikitseni ndi fayilo, osamenya mota ndi hamala. Onaninso kuti bokosi la magiya a mota silikugunda mwendo wa felemu wopita ku gudumu lakumbuyo. Ngati likugunda, ikani mawashala mbali ya tcheni, koma dziwani kuti washala aliyense akukankhira tcheni kunja, ndipo ikapendekeka kwambiri imavuka mukaika magiya opepuka.

Pali njinga zimene sitikulangiza konse. Zogwira mabuleki popalasa chambuyo, monga Buffalo, zimatsala zopanda mabuleki akumbuyo, chifukwa mu BBS02B wamba mapedulo akabwerera m'mbuyo tcheni siisuntha. Njinga zakuda za kabaza zokhala ndi mabuleki a ndodo zachitsulo ndi giya imodzi, mota ikhoza kulowa, inde, koma mabuleki amenewo sanapangidwire liwiro la makilomita 40 pa ola, ndipo mvula ikanyowetsa limu sagwira n'komwe. Yoyenera ndi mountain bike ya magiya 7 mpaka 9, makamaka ya mabuleki a disc. Zakaunjika zabwino zimapezeka, ndipo tcheni za magiya amenewa n'zokhuthala komanso zosasowa m'misika.

Kumanga kwenikweni sikuvuta kwa munthu amene anamasulapo mapedulo. Mukalowetsa mota kuchokera kumanja, kumanzere mumaika kachitsulo ka mano, manowo ayang'ane ku felemu kuti alume, n'kumanga mabawuti awiri a M6 ndi nati yaikulu ya M33. Nati imeneyi imafuna mphamvu yomangira ya 50 mpaka 60 Nm ndi sipanala yakeyake, imene m'bokosi simupezekamo nthawi zonse. Ambiri amaimanga ndi chizulo ndi hamala, ndipo pakatha sabata mota yayamba kugwedera n'kulendewera, mawaya akukhuzika. Gulani sipanalayo. Mikono ya mapedulo nayo imamasuka masiku oyamba, makamaka wakumanzere. Ikayenda ili yomasuka, chibowo chake cha ngodya zinayi chimadyeka ndipo sichikonzekanso. Sensa ya liwiro imamangidwa kumbuyo, maginito ake pa sipoko, mpata usapitirire mamilimita 5. Sikirini ya pa handulo ikaonetsa nambala 21, vuto ndi pamenepa. Ikaonetsa 30, sikirini ndi controller (kachipangizo koyendetsa magetsi opita ku mota) sizikumvana, ndipo kawirikawiri ndi pulagi yosalowa bwino kapena kapini kopindika chifukwa cholumikiza mivi yojambulidwa pa mapulagi isanayang'anizane.

Pa msewu, mphamvu ilipo yochuluka. Controller ya mtundu wa 48V imalola 25A, kutanthauza pafupifupi 1,200W ikamakoka ndi mtima wonse, ngakhale pa chikwangwani analemba 750W. Chokhumudwitsa n'chakuti mota siidziwa kuti mukupalasa mwamphamvu bwanji. Imangoona kuti mapedulo akuzungulira, basi n'kuyamba kukoka molingana ndi nambala imene mwasankha pa sikirini, ndipo imachedwako pang'ono kusiya. Pakati pa anthu mumsika zimenezi n'zosasangalatsa. Wofuna njinga yomvera mwendo aone Tongsheng TSDZ2, imene ili ndi sensa yoyeza mphamvu ya phazi, ngakhale ndi yofookerapo.

Chimene chimapha BBS02B ndi ulesi wosintha magiya. M'kati muli giya ya nayiloni imene imachepetsa phokoso. Munthu akanyamuka pa giya yolimba, matumba a chimanga ali pa kaliyala, n'kukanikiza throttle (kodina ndi chala koyendetsa mota popanda kupalasa) mpaka pansi, mota imamwa magetsi onse 25A koma ikuzungulira pang'ono, ndipo mphamvu yambiri imasanduka kutentha. Nayiloni imafewa, mano amathothoka, mota n'kumangolira osakoka. Nthawi zina controller ndiyo imayamba kupsa. Njira yake n'kunyamuka pa giya yopepuka, n'kuisiya mota izizungulira mwachangu. Sipuloketi yakutsogolo imabwera ya mano 44, 46, 48 kapena 52. Kwa okhala ku Blantyre, Zomba kapena Dedza sankhani 44, ndipo ya 52 isiyireni a kuchigwa osanyamula katundu. Posintha giya, yambani mwaleka kupalasa kapena gwirani buleki pang'ono kuti mota idule, apo ayi tcheni imaduka. Sensa ya magiya yogula padera imachita zomwezi yokha, ndipo ndalama zake sizipita pachabe. Yembekezerani kuti tcheni ndi masipuloketi akumbuyo zizitha msanga kuposa kale.

BBS02B ilipo ya mitundu iwiri, UART ndi CAN bus, molingana ndi mmene sikirini ndi controller zimalankhulirana. Yakale ya UART imalola kulumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha USB n'kutsitsa magetsi pogwiritsa ntchito pulogalamu yake, mwachitsanzo kufika pa 18A, zimene zimatalikitsa moyo wa mota. Yatsopano ya CAN bus siimva chingwe ndi pulogalamu yakaleyo, ndipo masikirini a mitundu iwiriyi sasinthanitsika. Funsani wogulitsa musanalipire.

Batire ndilo theka la nkhani yonse, ndipo labwino limadya ndalama zofanana ndi mota kapena kuposa. La 48V limakhala ndi magulu 13 a maselo a lithium olumikizidwa motsatizana. Gulu lililonse likakhala ndi maselo anayi a saizi yotchedwa 18650 a 3,500mAh, onse ndi 52, mphamvu 14Ah, pafupifupi 670Wh. Wopalasa nawo pa msewu wabwino amadya 10 mpaka 15Wh pa kilomita, ndiye ulendo wa makilomita 45 mpaka 65. Ndi katundu, mitunda ndi throttle, chotsanipo theka. Pa 25A selo iliyonse imapereka 6A ndi pang'ono. Selo ya Samsung 35E imakwanitsa 8A, choncho ili bwino. Maselo ochotsa m'malaputopu akale sangathe: voltage imagwa pa mtunda woyamba, controller n'kudula ikafika cha m'ma 41V, pamene sikirini imaonetsa kuti batire lili pakati. BMS, kachipangizo ka m'kati mwa batire koteteza maselo, ikhale ya 30A kapena kuposa. Ndipo ikani batire pa sikelo. Selo imodzi imalemera pafupifupi magalamu 50, kotero la 14Ah ndi chikhokhombe chake limadutsa makilogalamu 3. Lolembedwa 20Ah koma lopepuka kuposa pamenepa, wina akunama. Mabawuti awiri a botolo la madzi sakwanira kunyamula zolemera chotere pa msewu wafumbi wa mabampu. Onjezani lachitatu kapena malamba olimba.

Tchaja yake imapereka 54.6V. Ya 58.8V ndi ya batire la 52V la magulu 14, ndipo pulagi zimatha kufanana, koma kuilumikiza ku la magulu 13 n'kuitana moto. Tchaja ya 2A imadzaza 14Ah m'maola pafupifupi 7 ndipo imakoka magetsi osaposa 150W, choncho sola yokhala ndi inverter ya pure sine wave imakwanitsa. Magetsi a ESCOM akazima, zulani tchaja pakhoma, chifukwa pobwera ndi pamene amaotcha zinthu. Mukafika pa ulendo, dikirani theka la ola batire lizizire. Lithium siiyenera kutchajidwa kutentha kukadutsa madigiri 45, ndipo m'nyumba ya malata ku Chikwawa mwezi wa Okutobala batire lotentha kale limafika pamenepo mosavuta. Tchajani pa simenti, kutali ndi bedi ndi khomo lotulukira, muli maso. Kusiya kutchaja batire likafika pa 52 kapena 53V masiku ambiri kumatalikitsa moyo wa maselo, koma kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu lidzazeni mpaka getsi lobiriwira n'kulisiya ola lina, popeza BMS zambiri zimalinganiza magulu pokhapokha atadzaza. Likakhala losagwira ntchito mwezi wathunthu, lisungeni pa 48 mpaka 49V, osati lodzaza kapena lothera.

Abale a ku Johannesburg kapena London angakubweretsereni mota m'chikwama, koma batire ayi: ndege sizilola loposa 160Wh m'katundu wa wokwera. Amene ali ku Britain akumbukirenso kuti kumeneko njinga yamagetsi yololedwa pamsewu popanda laisensi ndi ya 250W, yosiya kukoka pa makilomita 25 pa ola, ndiye ya 750W imawerengedwa ngati njinga yamoto.

Mvula wamba mota imapirira, koma musaitsuke ndi paipi ya mphamvu kapena kuolokera nayo mtsinje, ndipo waya wotuluka pansi pake mumange mokweza kuti miyala isamudule. Poitanitsa, onjezani giya ya nayiloni yapadera, sensa ya liwiro ina, girisi wosadya pulasitiki monga Mobilgrease 28, ndi sipanala ya M33 ija, chifukwa zimenezi kwa wokonza njinga wa pamsika simukazipeza.