Train Sim World ndi yabwino, koma aikemo njanji ya Limbe mpaka Liwonde

Train Sim World ndi gemu ya munthu wodekha. Mulibe mfuti, mulibe zigoli, mulibenso wina wothamangitsana naye. Amakukhazika pampando wa dalaivala wa sitima ya pamtunda, n'kukupatsa nthawi yonyamukira ndi nthawi yokafikira pa siteshoni yotsatira, basi. Mlamu wanga atandipeza ndikusewera anaima kumbuyo kwanga kanthawi, kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye alamu, iyamba nthawi yanji?" Inali itayamba kalekale.

Eni ake ndi a Dovetail Games a ku Chatham, ku Kent. Inatuluka koyamba mu 2017 ili ndi njanji imodzi yokha, Sand Patch Grade ya ku America, yodutsa m'mapiri kuchokera ku Cumberland mpaka ku Rockwood. Yachiwiri inabwera mu 2020, yachitatu mu 2022, ndipo kuyambira pamenepo chaka chilichonse kumatuluka ina. Imapezeka pa kompyuta, pa PlayStation ndi pa Xbox. Ine ndimasewera ya nambala 5 pa PlayStation kuno ku Leeds, makamaka m'mawa ndikaweruka ku ntchito ya usiku, tulo tisanabwere.

Ya nambala 5 inabwera ndi njanji zitatu zikuluzikulu: London Euston mpaka Milton Keynes, Frankfurt mpaka Fulda, ndi Los Angeles mpaka San Bernardino. N'zokongola, sindikana. Komatu sitima yamakono yothamanga imatopetsa msanga. Ukakankha chogwirira chimodzi yanyamuka, ukachikoka yaima, ndipo pakatipa ntchito yako n'kungoyang'ana magetsi obiriwira akudutsa. Kukoma kwa gemuyi ndinakupeza pa njanji za m'madera ndi sitima zakale, zimene ambiri amazilumpha akamagula.

Tengani Northern Trans-Pennine, yochokera ku Manchester Victoria kudzera ku Huddersfield mpaka ku Leeds, imene anaiumba monga inkaonekera mu 1983. Muli kasitima ka dizilo ka Class 101, ka magiya anayi osintha ndi dzanja. Singano ya injini ikakwera umatseka mafuta, kudikira kuti phokoso litsike, kulowetsa giya ina, kudikiranso pang'ono, kenako n'kutsegula mafuta. Ukapupuluma kamagwedezeka ngati minibasi imene dalaivala wake waphonya kilatchi. Pochoka pa Victoria pali chitunda chokwera ku Miles Platting, ndiye ukasintha giya molawirira liwiro limatha uli pakati pa phiri. Mabuleki ake nawonso ndi akalekale. Umakoka chogwirira, kuyang'ana singano ikutsika kuchoka pa 21, n'kuchibweza pakati kuti agwire pomwepo. Amachedwa kugwira, amachedwanso kumasuka, choncho kuima bwino pa pulatifomu kumayambira kutali, siteshoni isanaoneke. Mukaloweka mu ngalande ya pansi pa phiri ya Standedge, yotalika pafupifupi makilomita 5, mumangotsala ndi mdima ndi kulira kwa injini pansi pa mapazi.

Zida zotetezera ngozi amazisiya zozimitsa, mwina pofuna kuti ongoyamba kumene asagwe ulesi. Ziyatseni. Ku Britain kuli AWS: ukamayandikira getsi losakhala lobiriwira m'kabini mumalira kahutala, ndipo ukapanda kudina batani m'masekondi ochepa sitima imadzimanga yokha mabuleki. Za ku Germany, PZB ndi Sifa, n'zankhanza kuposa pamenepo. Koma popanda zimenezi ukungoyendetsa chithunzi. Pa Niddertalbahn, kanjanji kamodzi ka m'midzi ya ku Germany kochokera ku Bad Vilbel kupita ku Stockheim, umaima pa siteshoni yaing'ono kudikira mnzako wochokera kutsogolo kuti mupatukirane, ndipo kudikirako n'kumene kumandisangalatsa, chifukwa ndi mmene njanji imene ndinakulira pafupi nayo imayendera.

Zokhumudwitsa zilipo. Choyamba ndi mtengo. Gemuyo payokha ili ndi njanji zochepa, zina zonse umagula padera, ndipo pamene ndinkagula zanga yatsopano inkakhala pakati pa £25 ndi £30. Mitu ina ya sitima nayonso ndi yogula payokha. Ubwino wake n'ngwakuti zimene unagula kale zimasamukira mu gemu ya chaka chotsatira, komabe kusintha kwa chaka ndi chaka n'kochepa moti sindiona chifukwa chogulira nambala iliyonse. Dikirani nthawi yotsitsa mitengo, imabwera kawirikawiri. Amene muli kumudzi muganizirenso za bandulo, chifukwa njanji imodzi imadya magigabayiti ambiri, ndipo imafuna kompyuta yamphamvu, osati laputopu ya ku ofesi. Chachiwiri ndi anthu a m'gemumo. Sitima anazipanga mosamala mpaka kabatani kalikonse, koma apaulendo amangoima njo pa pulatifomu, nkhope zofanana, opanda katundu, opanda wolankhula ndi mnzake. Mu nambala 5 anaikamo zoti ukhoza kukhala kondakitala, kuona matikiti ndi kutseka zitseko, koma anthu ake ndi omwewo osalankhula aja.

Chachitatu ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Mapu a gemuyi ndi Britain, Germany ndi America, kenako pang'ono mayiko monga France, Switzerland, Austria, Canada ndi Netherlands. Africa mulibe ngakhale kilomita imodzi. Gemu ina yakale ya a Dovetail, Train Simulator Classic, ili nayo njanji ya ku South Africa ya Outeniqua Choo Tjoe, ya pakati pa George ndi Knysna, kusonyeza kuti n'zotheka. Ndiye ine pempho langa ndi ili: Limbe, Blantyre, Nkaya mpaka Liwonde, ndi kanthambi kofika ku Balaka.

Sindikunena chifukwa choti ndi kwathu kokha. Njanji imeneyi ili ndi zimene zimakometsa gemu yotere. Kuchokera ku Limbe mpaka ku Nkaya ndi makilomita pafupifupi 100, utali wofanana ndi njanji zina zimene akugulitsa kale. Imayambira pamwamba, chifukwa Blantyre ali pa mamita opitirira 1,000, ndipo imakathera ku chigwa cha Shire kumene Liwonde safika ndi mamita 500 omwe. Kutsetsereka konseko, pa njanji imodzi yokhotakhota, uli ndi mabogi odzaza kumbuyo, ndi mayeso a dalaivala weniweni. Amene anayendetsapo sitima ya malasha pa Sand Patch akudziwa: mabuleki a mpweya ukawamasula amamasuka onse nthawi imodzi, ndipo mpweyawo umatenga nthawi kuti udzadzenso. Ukawaseweretsa kumanga-kumasula, umapezeka uli pamtsetse wopanda choimitsira. Pobwerera ndiye nkhani ina, kukwera kuchoka ku Shire North kudzera ku Lirangwe ndi ku Lunzu, mvula itanyowetsa njanji, mateyala akuterereka, iwe ukuthira mchenga.

Ine ndinakulira ku Chirimba, ndipo sitima yokwera kupita m'tauni tinkayamba kuimva isanaoneke. Injini inkalira mozama, utsi wakuda tolotolo, ikuyenda pang'onopang'ono moti ana tinkathamanga m'mbali mwake kwinaku tikuwerenga mabogi. Pamalo odutsira anthu dalaivala ankaliza hutala mosalekeza, amayi osenza mitolo n'kudumpha njanji mosatekeseka, mbuzi n'kumachoka mochita kunyinyirika. Chigawo chimenechi, kuchokera pa siteshoni ya Limbe kutsikira ku Blantyre n'kudutsa m'mafakitale ndi m'makomboni, phiri la Ndirande lili apo, Michiru ali uko, chingakhale chosiyana ndi chilichonse chimene chili m'gemumo panopa. Ukangopitirira Lunzu nyumba zimachepa, kutentha kumayamba kuoneka ndi maso, milambe n'kuyamba kutulukira umodziumodzi mpaka kukafika pa mlatho wa Shire.

Mbiri yake nayonso ilipo yokwanira kudzaza timabuku timene amaphatikiza ku njanji iliyonse. Sitima inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Mu 1935, chaka chimene mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi, njanji inapitirira kumpoto mpaka ku Salima, ndipo chigawo cha Blantyre mpaka Balaka ndi cha nthawi imeneyo. Nthambi yochoka pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970, n'kutilumikiza ku doko la Nacala. Boma linapereka njanjizi m'manja mwa Central East African Railways mu 1999.

Koma mtima wa pempho langa uli pa Nkaya. Apa ndi pamphambano pamene zakale zimakumana ndi zatsopano. Kampani ya ku Brazil ya Vale inamanga njanji yatsopano yochokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize, yolowa m'Malawi chakumadzulo n'kudzalumikizana ndi yakale pa Nkaya, ndipo ulendo wonse mpaka ku Nacala-a-Velha ndi makilomita 912. Anaitsegulira mwamwambo mu 2017. Sitima za malasha za pamenepa zimakoka mabogi 120 ndi mitu inayi ya General Electric. Tangoganizani muli m'kasitima ka anthu kochokera ku Limbe, akupatutsani pa Nkaya, mukudikira chimsitima chimenecho kuti chidutse chonse, bogi ndi bogi, kenako inu n'kutsatira pambuyo mpaka kukawoloka Shire kachiwiri pa Liwonde, pafupi ndi Kamuzu Barrage. Tsiku lina n'kukhala inuyo woyendetsa cha malashacho. Njanji imodzi, mayendetsedwe awiri osiyana kotheratu.

Wina anganene kuti njanji yathu ndi yopapatiza. N'zoona, ndi ya mamilimita 1,067 pamene ya ku Britain ndi ya 1,435. Koma gemuyi ili kale ndi njanji ya Chur mpaka Arosa ku Switzerland, imene ndi ya mita imodzi yokha, yopapatiza kuposa yathu. Pamenepo palibe chovuta. Mitu ya General Electric ija ndi pachibale ndi ya ku America imene anapanga kale, ngakhale kunsi kwake n'kosiyana. Imene angayambire pachiyambi ndi mitu yakale ya kampani ya ku Canada ya MLW, imene yakhala ikukoka sitima za ku Malawi kuyambira m'ma 1970. Ameneyo ndiye mutu umene ndikufuna kukhalamo, ndipo phokoso lake ayenera kukalijambula pamalopo, osati kubwereka la injini ina.

Chovuta chenicheni ndi kuchepa kwa sitima. Gemuyi imanyadira ndondomeko ya tsiku lathunthu, maola 24, pamene ku London Euston sitima zimangosinthana pa pulatifomu. Kwathu ya anthu siyenda tsiku lililonse. Mukatsatira ndondomeko yeniyeni, siteshoni ya Lirangwe ikhala zii tsiku lonse. Njira yake n'kudzaza ndi katundu, pakuti ntchito yaikulu ya njanjiyi ndi yomweyo: matanki a mafuta, feteleza, tirigu ndi makontena kuchokera ku Nacala, shuga ndi fodya kupita kunja, kuphatikizapo ntchito yolumikiza ndi kulekanitsa mabogi m'yadi ya ku Limbe. Apo ayi aiumbe monga inalili m'ma 1980, nthawi ya Malawi Railways, monga anachitira ndi Northern Trans-Pennine, ngakhale kutero n'kutaya sitima za malasha zija. Ine ndingasankhe ya masiku ano.

Ndiye pali anthu osalankhula aja. Pa njanji ya ku Germany ukhoza kuwakhululukira. Pa siteshoni ya Balaka sizingatheke. Sitima ya anthu kwathu ndi msika woyenda: matumba a makala, madengu a tomato, nkhuku zomangidwa miyendo, matemba ochokera ku Chilwa, njinga zikukwezedwa pakhomo, ogulitsa nthochi ndi chimanga chootcha akukweza mbale m'mawindo sitima isanaime n'komwe. Akaika anthu asanu ovala majekete ataima motalikirana, ndiye kuti apanga dziko lina. Zimenezi zingawakakamize kukonza mbali imene gemuyi yakhala yofooka kuyambira kale, ndipo njanji zina zonse zingapindule nazo.

Sikuti a Dovetail okha ndiwo angaipange. Njanji zingapo za m'gemumo zinapangidwa ndi makampani ang'onoang'ono monga Rivet Games ndi Just Trains, ndipo kuyambira mu 2023 pali pulogalamu ya pa kompyuta yoti aliyense wodziwa akhoza kuumbira njanji yake. Chofunika ndi chilolezo cha eni njanji kuti agwiritse ntchito mayina ndi mitundu ya sitima zawo, komanso munthu wokayenda pansi ndi kamera, chifukwa zithunzi za m'mwamba sizionetsa mtundu wa dothi la ku Utale kapena mmene denga la siteshoni ya Limbe lilili. Achinyamata odziwa kujambula ndi kompyuta ku Blantyre alipo, ndipo ntchito imeneyo angaigwire bwino kuposa mlendo wobwera sabata imodzi.

Amene mukufuna kuyamba, gulani gemuyo nthawi yotsitsa mitengo, muwonjezerepo Northern Trans-Pennine ndi Sand Patch Grade, muyatse AWS tsiku loyamba lomwelo. Zamakono zothamanga zija zidikire kaye. Koma ya Limbe mpaka Liwonde itati yatuluka, imeneyo ndingalipire £30 yonse osadikira kuti atsitse.