Black Lightning ya 1977: komiki yomwe anaidula isanakule

Msuweni wanga wabwera kuchokera ku Johannesburg sabata yathayi, ndipo m'chikwama mwake munali buku lomwe ndakhala ndikumuvutitsa nalo pa WhatsApp kwa miyezi, Black Lightning Volume 1, lija a DC Comics anasonkhanitsa mu 2016. Mausiku awiri okha latha, ndiye ndati ndikuuzeniko anzanga okonda makomiki mmene ndalionera.

Dziwiranitu kuti si nkhani yaitali ayi. Komikiyi inayamba mu Epulo 1977, inatuluka ka 11 kokha basi n'kufa mu 1978. Koma kufupikako kusakupusitseni, Black Lightning ndi munthu wakuda woyamba ku DC kukhala ndi komiki yakeyake, dzina lake pachikuto. A Marvel, kampani yopikisana ndi DC, anali atatsogola kale, Black Panther anaoneka mu 1966, Luke Cage anapatsidwa komiki yake mu 1972, pomwe a DC anali ndi John Stewart kuyambira 1971 koma ngati wongogwirizira mpando wa Green Lantern mwini wake akachokapo. Ndipo mukamva zomwe a DC amafuna kutulutsa poyamba mugwira pakamwa, anali atakonza munthu wotchedwa Black Bomber, mzungu watsankho yemwe zinthu zikamuthina amasanduka munthu wakuda wamphamvu. Tony Isabella, yemwe analembako Luke Cage ku Marvel, ndi amene anawakaniza zimenezo n'kubwera ndi munthu wina watsopano. Wojambula anali Trevor Von Eeden, mnyamata wobadwira ku Guyana mu 1959, ndiye werengerani nokha, anali asanakwane n'komwe zaka 20.

Chomwe chandigwira mtima ine ndi chakuti Jefferson Pierce, yemwe ndi Black Lightning mwini wakeyo, ndi mphunzitsi. Si mpondamatiki ngati Batman, sanagwe kuchokera kumwamba ngati Superman, ndi aphunzitsi a ku sekondale ogwira choko. Anawina mendulo ya golide ku Olympics pa mpikisano uja wa masewera 10 amati decathlon, akanatha kukakhala kumayadi n'kuiwala komwe anachokera, koma anabwerera kwawo ku Suicide Slum, dera la amphawi mu mzinda wa Metropolis, kukaphunzitsa pa Garfield High School. Mzinda womwewo wa Superman, koma mbali yomwe Superman safikafikako. Gulu la zigawenga lotchedwa The 100 likugulitsa mankhwala ozunguza bongo pasukulu pomwepo, iye akuwathamangitsa, iwo pobwezera akupha mwana wasukulu Earl Clifford n'kupachika mtembo wake pagoli la basketball. Tsamba limenelo ndinaima kaye, sindimayembekezera kuti komiki ya 1977 ingayambe molemera chonchi. Aliyense amene anaphunzitsidwapo ndi mphunzitsi wotenga ana a eni ngati ake amvetsa chifukwa chomwe bamboyu sakanatha kungokhala pansi manja lende.

Zovala zake anamusokera ndi telala, Peter Gambi, mkulu yemwe anathandiza kumulera bambo ake ataphedwa. Telala yemweyo ndi amene akumupatsa lamba wotulutsa mphamvu ya magetsi, chifukwa kumayambiriroku mphamvuzo sizili m'thupi mwake ayi, zili mu lambayo, zolowa m'thupi zikubwera pambuyo. Ndiye pali kanzeru kena kamene ndakakonda zedi. Chophimba kumaso chake n'cholumikizana ndi wigi ya afro, ndipo akavala amasinthanso kayankhulidwe, amayankhula cha mumsewu, cha maguys a pakona, kuti munthu asaganize kuti ndi aphunzitsi aja a chizungu chowongoka. Akudziwa kuti anthu akaona munthu wakuda woyankhula choncho saganizanso za sukulu, ndiye akubisala mu tsankho lawo lomwelo. Za Gambi pali chinsinsi chachikulu chokhudza imfa ya bambo ake a Jefferson, sindiulula, koma pamenepo ndi pomwe bukuli lafika pachimake.

Tsopano pomwe pandiwawa. Mdani wamkulu, bwana wa The 100, ndi Tobias Whale, munthu wachialubino, chimunthu chachikulu chojambulidwa moopseza, dzina lake lomwe likutanthauza nangumi ndipo anthu amamutonza nalo. Khungu lake aligwiritsa ntchito ngati chizindikiro choti uyu ndi chilombo. Mwina ku America mu 1977 sanaganizepo kawiri, koma ife kuno kwathu tikudziwa zomwe abale athu achialubino adutsamo, kusakidwa, kuphedwa, manda kufukulidwa, zonsezo chifukwa cha bodza loti iwo si anthu ngati ena onse. Ndiye kuona komiki yomwe ikumenyera ulemu wa munthu wakuda ikuchita zomwezo kwa munthu wachialubino, zinandiipira kwambiri. Mukamupatsa mwana bukuli mukhale naye pansi mukambirane za ameneyu. Mu sewero la pa TV lomwe linayamba mu 2018 n'kutha mu 2021, lija Cress Williams anali Jefferson, gawo la Whale anapatsa Marvin Jones III yemwe ndi wachialubino weniweni, ndipo kumeneko amaoneka munthu wokhala ndi mbiri yake ndi mabala ake, osati chinthu choopsezera ana.

Zina zofooka ndi zazing'ono. Anthu amayankhula kwambiri pakati pa ndewu, munthu akuponya chibakera uku akulongosola ndime yathunthu, ndi mmene makomiki a nthawi imeneyo analili. Pakati pa buku akulowetsapo Superman ndi mnzake uja wojambula zithunzi Jimmy Olsen, ine ndaona ngati amangofuna kukopa ogula, nkhani ya kusukulu ija imayamba yaima. Zojambula za Von Eeden koyambirira zikuoneka kuti dzanja likuphunzira, koma mukamapita kutsogolo mukuona mnyamata akukhwima tsamba ndi tsamba, zimenezo zokha n'zosangalatsa kutsatira. Nambala 11 analemba ndi Dennis O'Neil, osati Isabella, ndipo kakomedwe kakusintha, mumva nokha.

Chinapha komikiyi ndi bizinesi. Mu 1978 a DC anachulukitsa makomiki ndi masamba, mtengo n'kuchoka pa masenti 35 kufika 50, iwo ankati DC Explosion. Malonda sanayende, chipale chofewa chinali chitagwa moopsa nyengo yozizira ya kumayambiriro kwa chakacho n'kusokoneza kutumiza mabuku m'mashopu, mabwana akuluakulu a kampani analamula kuti adule, ndipo makomiki ambirimbiri anafa nthawi imodzi, mpaka lero anthu amati DC Implosion. Black Lightning anapita nawo pamenepo nkhani ya nambala 12 ili yokonzeka kale. Anangoipanga fotokope pamodzi ndi zina zotsala mu kabuku kotchedwa Cancelled Comic Cavalcade, makope ochepa kwambiri osagulitsa n'komwe, cholinga kungoteteza umwini wa nkhanizo. Jefferson yekha sanafe, mu 1983 anatulukira mu Batman and the Outsiders, mu 1995 anapatsidwanso komiki yake, koma ndimangoganiza kuti Suicide Slum ikanafika pati akanawasiya Isabella ndi Von Eeden zaka zisanu.

Bukuli ndi la chikuto chofewa, mitundu ndi yowala bwino, zilembo zikuwerengeka ngakhale pa tochi ya foni. Ngati mukufuna ndewu za dziko lonse kuphulika ngati za m'mafilimu a masiku ano, ili silanu. Koma ngati muli ndi m'bale ku South Africa kapena ku UK woti angakupezereni, muuzeni, ndipo muonetsetse kuti ndi Volume 1 chifukwa ndi momwe aikamonso nkhani ya nambala 12 ija. Langali mawa likupita kwa aneba anga, amaphunzitsa Fomu 3, ndawauza kuti ayambire tsamba la Earl Clifford.