FUT kapena FUE: njira iti yobzalira tsitsi pa dazi?

Njira ziwirizi zimadalira mfundo imene Dr. Norman Orentreich wa ku New York anaifalitsa mu 1959: tsitsi la kunkhongo likasamutsidwira pa dazi limamerabe. Tsitsili siligonja ku homoni ya DHT yoyambitsa dazi. Zimasiyana pa kazulidwe ka mizu basi, kabzalidwe n'kamodzi.

Pa FUT dokotala amadula kachikopa kunkhongo, ka sentimita 1 kapena 1.5 mulifupi, kotalika mwina masentimita 20, n'kusoka balalo. Omuthandiza amagawa kachikopako pansi pa maikulosikopu kukhala timagulu ta tsitsi 1 mpaka 4. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo pamatsala chipsera cha mzere umodzi. Tsitsi likakula chimabisika, koma wometa mpala sangachibise. Khungu likasokedwa mokoka kwambiri chipseracho chimatambasuka.

Pa FUE amameta kunkhongo n'kumazula kagulu kamodzikamodzi ndi kachitsulo kobowola ka mamilimita 0.8 mpaka 1. Palibe kusoka, ndipo timabala timapola m'mlungu umodzi kapena iwiri. Otsatsa amati njirayi ilibe chipsera. Si zoona: imasiya timadontho totuwa tambirimbiri, ndipo akazula mopyola muyeso nkhongo imaoneka yothothoka mpaka kalekale, poti pamene azulapo sipameranso.

Kwa munthu wa tsitsi lopotana kwambiri, monga Aafirika ambiri, mpamene pagona nkhani. Muzu wa tsitsi lotere umapindika pansi pa khungu ngati chilembo C. Kachitsulo kowongoka kamalowa mosaona, n'kudula muzu pakati, ndipo muzu wodulidwa nthawi zambiri sumera. Pa FUT vutoli limachepa chifukwa wogawa amauona muzu wonse asanadule. FUE imathekabe, koma imafuna kachitsulo kokulirapo kapena kosathwa kunsonga, komanso dokotala wozolowera tsitsi lotere. Mufunseni kuti pa mizu 100 amawononga ingati, ndipo akuonetseni zithunzi za anthu a tsitsi ngati lanu. Ubwino wake ngwakuti tsitsi lopotana limaphimba khungu msanga, choncho timagulu tochepa timakwanira.

Amene khungu lake limachita zipsera zotupa, za keloid, asamale ndi njira zonse ziwiri, makamaka FUT. Ndi bwino kuyamba mwayesa timagulu tochepa n'kudikira miyezi ingapo.

DHI, imene zipatala za ku Istanbul, m'dziko la Turkey, zimaitsatsa kwambiri, si njira yachitatu. Amazula ngati FUE, kungoti pobzala amagwiritsa ntchito kachipangizo konga cholembera, kotchedwa Choi, kamene kamabowola ndi kuika muzu nthawi imodzi.

Ife tikuona chonchi: wa dazi lalikulu amene sameta mpala, FUT imamusungira mizu yambiri; wofuna kudzaza pamphumi pokha n'kumametabe kwambiri, FUE ndiyo yake. Pa zonsezi tsitsi lobzalidwa limathothoka pakati pa milungu 2 ndi 8, limayamba kumera pa mwezi wa 3 kapena 4, ndipo zotsatira zenizeni zimaoneka pakatha chaka kapena chaka ndi theka. Opaleshoni siimitsa dazi pa tsitsi lakale, n'chifukwa chake madokotala amawonjezera mankhwala a minoxidil, ndipo kwa amuna finasteride wa 1 mg patsiku. Amayi amene tsitsi linatha m'mbali chifukwa choluka mokoka ayambe asiya malukidwewo, apo ayi lobzalidwalo lidzazukanso.