Kubereka, kumusiya alire, kapena kumukhalira pambali: njira iti imagoneka mwana wovuta?

Wanga atakwanitsa zaka ziwiri, usiku unayamba kutalika. Ikakwana 8 koloko afune madzi, akamwa afune kukodza, akabwerako akumbuke kuti chidole chatsala pabalaza. Tulo tenitenito cha m'ma 10. Ndiye hafu pasiti 4, tambala wa aneba akangoti kokoliliko, iye ali tsonga mu neti, akundikanula zikope ndi zala: "Amama, phala." Bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2019, limati mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku kuphatikiza tulo ta masana, ndipo wa zaka 3 kapena 4 maola 10 mpaka 13. Wanga ankalephera kufika ngakhale 9, n'chifukwa chake masana ankalirira chilichonse.

Njira ya agogo ake ndi chitenje. Ukamubereka n'kumayendayenda pakhonde, mphindi khumi sizikwana mutu wagwera kale paphewa. Pa liwiro palibe yoiposa, ndipo mwana salira. Vuto lake limabwera pakati pa usiku. Munthu aliyense amadzidzimuka pang'ono kangapo usiku, kungoti akuluakulufe timatembenuka n'kupitiriza. Mwana amene anagonera kumsana akadzidzimuka n'kupeza ali pa matiresi, amafuna msana uja ubwerere. Ndinkapezeka ndikuzungulira m'chipinda 2 koloko usiku ndi katundu wa makilogalamu 12, kenako kumutsitsa mwa kachetechete ngati ndowa yodzaza, n'kungomva "Amama!" dzanja ndisanalichotse n'komwe. Kubereka ndinakusungira masiku amene wadwala kapena tili kumaliro, koma osati tsiku lililonse.

Yachiwiri ndinaimva kwa mchemwali wanga amene amakhala ku Johannesburg. Ndi ya dokotala wa ana wa ku Boston, Richard Ferber, yomwe inatchuka kuyambira 1985. Umamugoneka ali maso, n'kutuluka. Akalira umadikira mphindi zitatu, kulowa kukamutonthoza mwachidule osamunyamula, kutulukanso, kudikira zisanu, kenako khumi. Kwa iwo inatheka sabata isanathe, ndipo sindikutsutsa. Koma njirayi imafuna mwana wa chipinda chakechake ndi kabedi kotchinga koti sangatulukemo. Ife ndife a lendi, zipinda ziwiri, siling'i mulibe, khoma timagawana ndi banja lina. Mwana wa zaka ziwirinso sadikira mphindi zako, amatsika n'kukutsatira. Usiku wachiwiri mayi a nyumba inayo anagogoda: "Amake mwana, kwagwanji? Tithamangire kuchipatala?" Manyazi anandigwira, n'kuisiyira pomwepo.

Imene inandithandiza ndi yochedwa, yotopetsanso, koma yokwana m'nyumba ngati yathu. Ukamaliza kumusambitsa, kumudyetsa ndi kumusimbira kanthano kamodzi, umamugoneka pamalo pamene adzagone mpaka kucha, n'kutsitsa neti, iwe n'kukhala pambali. Masiku atatu oyamba dzanja lili pamsana pake. Atatu otsatira uli pompo koma osamukhudza. Kenako umasendezera mpando pakhomo, mpaka tsiku lina umangoti "ndikukatsuka mbale, ndibwera," n'kubweradi. Kubwerako n'kofunika, chifukwa ukamunamiza kamodzi mawa sakulola kuti usunthe. Zinanditengera pafupifupi masabata atatu. Zinthu ziwiri zimaononga njirayi: kuyankha mafunso ake, ndi foni. Ndinkati ndingoona mauthenga a pa WhatsApp podikira, koma kuwala kuja kumamudzutsa maso gwa. Tsopano mawu anga ndi amodzi okha, "ndi usiku, tigone," kaya afunse za galu, kaya za adadi.

Ndinaiphatikiza ndi kusuntha nthawi. M'malo molimbana naye kuyambira 8 mpaka 10, ndinayamba kumugoneka hafu pasiti 9, maso atalemera kale, kuti azolowere kuti kufika pabedi n'kugona. Atazolowera ndinkabweza mphindi 15 pakapita masiku angapo, mpaka tinafika hafu pasiti 7.

Pali njira ziwiri zimene sindiziika n'komwe pa mpikisano. Kumuopseza kuti fisi ali panja kumamukhalitsa chete lero, koma mawa mdima womwewo ndi umene akuuopa, ndipo sakusiyanso chitenje. Inayo ndi kumumwetsa mankhwala ogonetsa ngati Piriton popanda dokotala kulamula. Amenewo ndi a ziwengo, ndipo ana ena m'malo mogona amabalalika nawo.

Kulawirira kudzuka ndi mlandu wina, ndipo njira zonsezi siziukhudza. Ine ndinkaganiza kuti akagona mochedwa adzukanso mochedwa. Ayi ndithu, mwana wotopa kwambiri amadzuka nthawi yomweyo, wokwiyanso. Kuno ku Blantyre mu Novembala ndi Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5, ndipo kunja kumayera lisanatuluke. Thupi limapanga melatonin, yobweretsa tulo, kukakhala mdima, ndipo kuwala kumaichepetsa. Kakatani kathu ka leshi sikankatchinga kanthu, ndiye ndinakhomera bulangete lakale pawindo ndi misomali iwiri, pansi pa chitseko n'kutsekapo ndi chiguduli. Tulo ta masana ndinatidula kuti tisapitirire 3 koloko, ngakhale zimapweteka kudzutsa mwana amene wakupatsa mpata wochapa. Tiyi wa madzulo, amene ankamwera m'kapu ya bambo ake, tinamuletsa, poti masamba a tiyi ali ndi kafeini. Ndipo phala la hafu pasiti 4 lija linatha: ukamupatsa atangodzuka, mimba imazolowera kumudzutsa nthawi imeneyo. Amadikira mpaka titatsegula windo.

Ngati akudzuka thupi litatentha, pitani akamuyeze malungo, musayambe za mipandozi. Pitaninso naye kuchipatala ngati akuliza nkonono usiku uliwonse n'kumabanika, kapena akukanda kumatako usiku, poti kawirikawiri kukandako ndi njoka zam'mimba.

Pano amagona isanakwane 8 ndipo amadzuka cha m'ma hafu pasiti 5. Mchemwali wanga amati ndikanalimbikira akanamafika 7, koma kwathu kuno ikamakwana 5 tsache la aneba layamba kale pabwalo, zidebe zikugundana pampopi, ma minibasi akuimba hutala kumsewu. Hafu pasiti 5 ndinaivomera, bola madzi a phala amakhala atawira.