Cambridge Digital Library: buku la Chibuda la pamasamba a kanjedza

Amene mumakonda zojambula zakale lowani pa Cambridge Digital Library, webusaiti ya laibulale ya yunivesite ya Cambridge ku England, ndi yaulere, bola bando ikhalepo chifukwa zithunzi zake zimadya data. Sakani MS Add.1643. Ndi buku la Chibuda lotchedwa Ashtasahasrika Prajnaparamita, linalembedwa pamanja mu Sanskrit, chinenero chakale cha ku India, ku Nepal mu 1015, pa masamba a kanjedza aatali koma opyapyala, oboola mabowo odutsitsa chingwe.

Zojambula za m'bukuli ndi tating'ono zedi, ngati kabokosi ka machesi pakati pa mizere ya malemba, koma ukapanga zoom eee umaona zala za Buddha, maso, nsalu, utoto wofiira ndi wachikasu udakali wowala patatha zaka 1000 ndithu. Chandigwira mtima kwambiri n'choti zambiri zili ndi kamzere konena malo opatulika amene ajambulawo, mpaka Sri Lanka, Java ndi China zikutchulidwa, ndiye kuti anthu a ku Nepal nthawi imeneyo ankadziwa za akachisi akutali chonchi.

Zofotokozera zili m'Chingerezi cha akatswiri, cholimbako pang'ono. Pafoni masamba aataliwo amaoneka mopanikizika, ngati muli ndi laputopu gwiritsani imeneyo.