Vezel kapena HR-V? Kuno kuchigwa yambani mwawerenga nambala ya chesisi

Alamu anga a ku Ngabu anandiimbira foni mwezi watha, maso ali pa zithunzi za galimoto za ku Japan. "Alamu, nditenge Vezel kapena HR-V?" Ndinawafunsa ngati Chikwawa ndi Chikhwawa ndi maboma awiri. Anaseka, koma nditadula foni ndinaona kuti ndawayankha mwachibwana. Thupi la galimotoyi ndi limodzi ndithu, koma zomwe zili mkati mwake zimasiyana malinga ndi dziko lomwe anaikonzera, ndipo kusiyanako kumaonekera kuno kwathu kuposa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu.

Honda inatulutsa Vezel ku Japan mu Disembala 2013, itamangidwa pa maziko a Fit. Galimoto yomweyo ku South Africa, Thailand, Britain ndi America anaitcha HR-V, pomwe ku China ikupezeka ndi mayina awiri, Vezel ndi XR-V. Za ku America ndi ku China tisatayirepo nthawi. Chiwongolero chake chili kumanzere, ndipo aliyense amene anayesapo kupitirira thiraki ya shuga pakati pa Nchalo ndi Dyeratu akudziwa kufunika koona kutsogolo usanatulutse mphuno. Chongofunika kudziwa n'choti kuyambira 2022 HR-V ya ku America ndi galimoto ina, yokulirapo, yomwe mayiko ena amaitcha ZR-V. Ndiye mukamaonera mavidiyo pa YouTube kapena kuitanitsa masipeya, onetsetsani kuti akunena za galimoto yanuyo. Ya ku Britain ilipo ya dizilo ya 1.6, koma ili ndi sefa yogwira mwaye ku ekizozi yomwe imatsekeka galimoto ikamangoyenda timaulendo tifupitifupi. Ine sindingaitenge.

Zotsala ndi zomwe timakumana nazo pamsewu wa M1: Vezel zinayi za ku Japan ndi HR-V ziwiri za ku South Africa. Za ku Japan zimadziwika ndi zilembo zoyambirira za nambala ya chesisi. RU1 ndi ya petulo yokoka ndi matayala akutsogolo, RU2 ndi ya petulo yokoka ndi onse anayi, RU3 ndi hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi a batire) yokoka ndi akutsogolo, RU4 ndi hybrid yokoka ndi onse. Wogulitsa akhoza kukuuzani chilichonse, koma zilembozi sizinama.

Ndiyambe ndi hybrid chifukwa ndi yomwe imakopa anthu ambiri. Itangotuluka, pa mayeso a ku Japan inkayenda makilomita 27 pa lita imodzi, pomwe ya petulo inkayenda 20.6. Palibe amene amafika manambala amenewa pamsewu weniweni, koma kusiyanako kulipo, ndipo munthu amene anagonapo pamzere wa mafuta sangakunyozeni mukasankha galimoto yosamwa. Thanki yake ndi ya malita 40 basi, kotero lita iliyonse imawerengedwa. Vuto n'lakuti hybrid imapulumutsa mafuta kwambiri m'tauni, poima n'kunyamuka, pomwe batire imadzaza mukamaponda mabuleki. Kuchokera pa Thabwa kukafika ku Bangula msewu ndi wathyathyathya, mumayenda liwiro limodzi, eyakoni ili pamapeto. Pamenepo injini ndiyo imagwira ntchito pafupifupi nthawi yonse, ndipo phindu lija limachepa.

Kenako pali chitunda. Tonse okhala kuchigwa, kaya tikupita ku Queens, ku msika wa Limbe kapena kukalipira msonkho, tiyenera kukwera phiri lija tikawoloka mlatho wa Kamuzu. RU3 ndi RU4 zili ndi giyabokosi ya magiya 7 yokhala ndi makalachi awiri ouma, osasambira mu oilo, omwe kompyuta imagwira n'kusiya m'malo mwa phazi lanu. Batire ikakhala ndi moto, galimoto imanyamuka ndi mota yamagetsi, kalachi n'kumapuma. Koma mukakhala kumbuyo kwa lole yodzaza yomwe ikukwawa m'makona muja, batire imatsika, injini n'kuyamba kukoka kudzera pa kalachi yomwe ikungogwira theka. Zili ngati dalaivala wa minibasi amene wapondereza kalachi pachitunda osaisiya. Imatentha, ndipo ikatentha kwambiri galimoto imalemba chenjezo n'kufuna kuti muime. Si nkhani ya kuno kokha. Mu 2022 ku Japan komweko kunamveka za ma Honda a giyabokosi imeneyi omwe anaima pa msewu wokhotakhota wa Irohazaka ku Nikko chifukwa cha mdipiti wa galimoto pachitunda. Tsono kumeneko kunali kozizira. Ganizirani zomwezo mu Okutobala kapena Novembala kuno, kutentha kutapitirira madigiri 40.

Njira yoipepuzira ilipo. Osatsatira lole bampa ndi bampa mukukwawa. Imani ndithu, isiyeni italikire, kenako nyamukani mwamphamvu kuti kalachi igwire yonse. Osaimika galimoto pachitunda ndi phazi la moto. Ili ndi batani logwira mabuleki yokha mukaima, ligwiritseni ntchito. Komanso mu 2014 Honda inaitanitsa ma Vezel a hybrid oyambirira kuti ikakonze pulogalamu yoyendetsa giyabokosiyi, choncho ya 2013 kapena 2014 imafunika kufunsa ngati zimenezo zinachitika. Koma tinene zoona: galimoto yofuna kuinyengerera chotere pa msewu womwe mumadutsa sabata ndi sabata, mwaigulira chiyani?

Batire yaikulu ya hybrid ili pansi pa buti. Amene tinaona za namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi za Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti kuno madzi sapempha odi. Galimoto ya petulo ikamira mpaka m'mipando, makaniko amakhetsa oilo, kuumitsa mawaya, nthawi zambiri n'kudzuka. Ya hybrid ikalowa madzi m'buti, mtengo wokonzera umasanduka nkhani ina. Batireyi imazizira ndi mpweya wa m'galimoto momwemo womwe umalowera pa kabowo pambali pa mpando wakumbuyo. Ife timanyamula matumba a mpunga, mapira ndi thonje pampando pomwepo, kabowoko n'kutsekeka, fumbi n'kudzaza fani. Nayo eyakoni ya hybrid imayendetsedwa ndi kompuresa yamagetsi yofuna oilo wakewake, osati amene amathira aliyense wodzaza gasi m'mbali mwa msewu. Ndipo eyakoni kuno si chinthu chodzionetsera.

Za RU2 ndi RU4, zokoka ndi matayala onse, pali chomwe ambiri sadziwa. Munthu amaganiza kuti yokoka ndi onse ndiye yaitali. Ayi. Yokoka ndi akutsogolo mimba yake imatalikira pansi mamilimita 185, yokoka ndi onse 170, chifukwa cha zitsulo zopereka mphamvu kumbuyo. Kusiyana kwake n'kochepa ngati kunenepa kwa chala, koma pa msewu wa East Bank, kuchokera pa Thabwa kulowera ku Muona ndi Makhanga, komwe mathirakitala ndi malole amasiya mzere wokwera pakati, chalacho ndi chomwe chimasiyanitsa kudutsa ndi kukhala pamimba matayala ali m'malere. Komwe RU2 imapambana ndi pa dothi la makande mvula ikangogwa kumene, pomwe pamwamba pamaterera ngati therere koma pansi pakadali polimba. Matayala akutsogolo akayamba kuzungulira pamalo amodzi, akumbuyo amathandiza kukankha. Zimathera pomwepo. Ilibe giya yotsika ngati ya Land Cruiser, ndipo simungawolokere nayo mtsinje wa Mwanza utadzaza. Imafunanso kuti matayala onse anayi akhale ofanana kukula ndi kutha kwake, zomwe sizigwirizana ndi chizolowezi chathu chogula limodzilimodzi la kaunjika. RU4 ndiye yasenza zonse pamodzi: batire, makalachi awiri, ndi zitsulo zakumbuyo. Ikakhala bwino imakoma kuyendetsa. Ikadwala, makaniko wa pa Nchalo amangokuuzani kuti muikweze pa lole.

RU1 ndi yosavuta kuimvetsa. Injini ya 1.5 yotulutsa makilowati 96, giyabokosi ya CVT (yosintha yokha, yopanda magiya owerengeka), basi. CVT nayo imadana ndi kutentha, koma imapirira kukwawa pachitunda kuposa makalachi ouma aja. Chachikulu ndi oilo wake, wotchedwa HCF-2. Musalole kuti wina athiremo oilo wa giyabokosi wamba poti "ndi chimodzimodzi bwana". Potsika phiri muziika pa S kuti injini ithandize mabuleki. Fungo la mabuleki opsa lomwe timalimva pa Thabwa lija limachokera kwa anthu otsika ali pa D. Chofooka cha RU1 chili pa kaperekedwe ka mafuta. Injini yake imapopera petulo mwachindunji mu silinda ndi mphamvu yaikulu, kotero mavavu olowetsa mpweya satsukidwa ndi petulo ndipo amachita mwaye pakapita nthawi. Pampu ndi ma injector ake sakondwera ndi mafuta a m'zigubu. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina wopangidwa konkuno ku PressCane, ndipo ethanol amakoka chinyezi akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino. Nthawi ya kusowa kwa mafuta tonse timagula a m'zigubu, tisanamizane. Hybrid nayo injini yake imapopera chimodzimodzi.

Apa ndi pomwe HR-V ya ku South Africa imandikopa. Inayamba kugulitsidwa kumeneko mu 2015, ya 1.5 yotulutsa makilowati 88 ndi ya 1.8 yotulutsa 105, zonse za CVT, zonse zokoka ndi matayala akutsogolo. Injini zake ndi zachikale, zopopera mafuta kuseri kwa mavavu, ndipo chikale chimenecho ndi chomwe chikufunika kuno. Ya 1.8 ndi ya banja limodzi ndi injini ya Civic, imakwera phiri ili ndi anthu asanu osabuula. Zolemba zonse pa dashibodi zili m'Chingerezi, pomwe ya ku Japan imakuchenjezani m'Chijapani inu n'kumangoyang'ana ngati mbuzi yaona wailesi. Kunena za wailesi, ya ku Japan mafunde ake a FM amayambira pa 76 n'kuthera m'munsi kuposa athu, ndiye mawailesi ena simuwagwira mpaka mutaikamo kachida kowonjezera kapena kusintha yonse. Zovuta za 1.8 nazo n'zoonekeratu. Imamwa kuposa zonse zomwe tatchulazi. Msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho 1.8 ndi 1.5 muziwerengere padera musanalipire kalikonse. Masipeya a thupi ambiri amalowana ndi a Vezel, koma a injini ya 1.8 ku Limbe sapezeka mosavuta ngati a 1.5, omwe amabwera ambiri chifukwa cha ma Fit odzaza m'dziko muno. Nthawi zina mumadikira basi ya ku Johannesburg. Ndipo galimoto yochokera ku South Africa, mapepala ake ndi chikalata cha apolisi muziwerenge kawiri.

Pali ziwiri zomwe zimakhudza onse. Thanki ya mafuta ili pansi pa mipando yakutsogolo, pakati penipeni pa mimba ya galimoto. N'chifukwa chake mipando yakumbuyo imapindika mokoma chonchija, kukhala pansi kapena kuimirira mpaka njinga kulowa. Koma mukamva mwala wagunda pansi popita ku Majete kapena ku Mwabvi, tsikani mukasuzumire. Chachiwiri ndi tayala la sipeya. Vezel ya ku Japan imabwera ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu m'malo mwa tayala. Msomali chabe, kabotoloko kamathandiza. Koma dzenje likang'amba tayala m'mbali usiku pakati pa Sorgin ndi Bangula, mudzagona pomwepo ndi udzudzu. Gulani tayala lathunthu ndi limu yake, jeke ndi sipanala galimoto isanatsike phiri koyamba. Ngakhale ya ku South Africa, tukulani kapeti ya m'buti muone chomwe chilimo musanapereke ndalama.

Amene thumba lawo likulola angayang'ane Vezel yatsopano yomwe inatuluka mu Epulo 2021, ya zilembo RV3 mpaka RV6. Hybrid yake, yotchedwa e:HEV, inasiya makalachi awiri aja: mota yamagetsi ndiyo imakoka matayala nthawi zambiri, injini n'kumapanga magetsi, kupatula pa liwiro la msewu wautali pomwe imalumikizidwa ku matayala. Nkhawa ya pachitunda ija yachoka. Ya madzi, fumbi ndi kusowa kwa makaniko woidziwa ikadalipo.

Alamu anga ndinawauza chonchi. Ngati ulendo wanu ndi wa Ngabu, Nchalo, Blantyre n'kubwerera, tengani RU1, makamaka ya 2018 kupita m'tsogolo pomwe anaikonzanso nkhope ndi zina. Mukapeza HR-V ya 1.8 ya mapepala oyera ndi buku la sevisi, ndipo mafuta sakukuopsani, imeneyo ndi yomwe ine ndingaike pakhomo panga. RU2 ndi ya munthu amene munda wake uli kutali ndi tala ndipo amapitako ngakhale m'dzinja. Hybrid ya RU3 asiyireni a ku Namiwawa ndi ku Area 47.

Patapita masiku atatu ananditumizira chithunzi cha kachitsulo ka chesisi. RU1. Ndinati zili bwino. Kenako anatumiza chithunzi cha galimoto yonse: yakuda bii, mipando yakudanso, ati poti inali yotsikirako mtengo kuposa yoyera. Achemwali anga amva kale, ndipo anena kuti masana a Novembala pa Ngabu adzikakweramo okha.